Zigoba za Zipolopolo Zowombedwa Kale: Kuzidzazanso, Kuzigulitsa kwa Odzaza, Kapena Kukazipimitsa pa Sikelo?

Aliyense amene anafikapo pamalo ophunzirira kuwombera mfuti ku United States kapena ku South Africa amadziwa kuti tsiku likamatha pansi ponse pamakhala mbee ndi zigoba za zipolopolo, ndipo pamakhala anthu ena amene amawerama n'kumazitola mosamala ngati akukunkha mtedza m'munda wokololedwa kale. Anthuwa sachita zimenezi chifukwa chongofuna ukhondo. Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi: mutu umene umauluka, wonga umene umapsa, kachitsulo koyatsira wonga kotchedwa primer, ndi chigoba chimene chimasunga zonsezi pamodzi. Mfuti ikalira zitatu zoyambazo zimatha ntchito, koma chigoba chimatsala n'kutheka kuchidzazanso ndi primer, wonga ndi mutu watsopano, ndipo pa zipolopolo zambiri za mfuti zazitali chigobacho ndicho chigawo chodula kwambiri. Funso la munthu amene wadzaza ndowa ndi zigobazi n'lakuti achite nazo chiyani, ndipo yankho lake silili m'kulemera kwa ndowayo koma m'zimene zili m'kati mwake.

Mtengo wotsikitsitsa umene chigoba chingapeze ndi wa chitsulo chake, choncho ndi bwino kuyambira pamenepo. Mkuwa wopangira zigoba ndi wosakaniza magawo 70 pa 100 a kopa ndi magawo 30 a zinki, ndipo ogula zitsulo zakutha amaulipira potsata mitengo ya kopa ya pamisika ikuluikulu monga London Metal Exchange, msika womwewo umene mitengo yake imakhudza moyo wa anthu a ku Kitwe ndi ku Chingola. Wogula wa pa sikelo safunsa dzina la kampani imene inapanga chigoba, safunsa kuti chawombedwa kangati, ndipo alibe nazo ntchito kaya khosi lake ndi long'ambika. Chigoba cha chipolopolo cha mtundu wa 9mm chimalemera pafupifupi magalamu 4, kotero pakilogalamu imodzi pamalowa zigoba zoposa pang'ono 250. Cha .223 Remington chimalemera pafupifupi magalamu 6, ndiye kuti zigoba 160 kapena kuposerapo pang'ono pakilogalamu, pamene cha .308 Winchester chimapitirira magalamu 11 ndipo pakilogalamu pamalowa zosakwana 90. Tingoyerekeza kuti wogula akulipira madola 4 pakilogalamu: chigoba chimodzi cha 9mm sichikwana n'komwe masenti 2, cha .223 chili pa masenti 2 ndi theka, ndipo cha .308 chili pa masenti 4 ndi theka. Mwini zigoba aliyense ayenera kuchita masamu amenewa ndi mtengo weniweni wa tsikulo, chifukwa njira ina iliyonse imene singapose chiwerengerochi ndi kutaya nthawi chabe.

Ubwino wa sikelo ndi wakuti ndalama imabwera tsiku lomwelo popanda kutsuka kapena kuwerenga. Vuto lake ndi lakuti si ogula onse amene amalandira zigoba, ndipo amene amalandira amaopa chinthu chimodzi koposa zonse, chomwe ndi chipolopolo chamoyo chimene chasochera m'ndowa n'kukaphulikira m'ng'anjo. N'chifukwa chake bungwe la ogula zitsulo zakutha la ku America, lomwe linkatchedwa ISRI ndipo mu 2024 linasintha dzina kukhala ReMA, limasiyanitsa zigoba zongowombedwa, zimene amazitcha Lake, ndi zigoba zimene zapititsidwa pamoto kuti chilichonse chamoyo chiphulikiretu, zimene amazitcha Lamb. Ogula ambiri amatsitsa mtengo akapeza zitsulo zina zasakanikirana ndi mkuwawo, kotero ngakhale munthu amene wasankha njira yosavutayi amapindula akayamba wadutsitsa maginito m'ndowa mwake.

Pali zigoba zina zimene kwawo ndi ku sikelo basi, ndipo palibe chifukwa chotayira nazo nthawi. Za .22 Long Rifle ndi zina zonse zimene mankhwala ake oyatsira ali m'mphepete mwa tsinde sizidzazidwanso. Zachitsulo chakuda, monga zambiri za makampani a Tula ndi Barnaul zimene zinkachokera ku Russia boma la America lisanaletse kuitanitsa zatsopano mu 2021, zimakanirira ku maginito ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Za aluminiyamu, monga za CCI Blazer zimene zimadindidwa zilembo NR pansi, zinapangidwa kuti ziwombedwe kamodzi kokha.

Gulu lina limene limanamiza anthu ambiri ndi la zigoba zamkuwa weniweni koma za primer ya mtundu wa Berdan. Mu 1866 anthu awiri analembetsa njira ziwiri zosiyana zoyatsira wonga: Edward Boxer, msilikali wa ku Britain wogwira ntchito ku Woolwich, ndi Hiram Berdan wa ku America. Zinthu zinatembenuka moti njira ya Mngelezi ndiyo inafala ku America, pamene ya munthu wa ku America inafala ku Ulaya. Chigoba cha Boxer chili ndi kabowo kamodzi pakati penipeni, ndipo kachitsulo kosongoka kamalowa m'menemo n'kukankhira primer yakale kunja mosavuta. Cha Berdan chili ndi timabowo tiwiri tating'ono tokhala cham'mbali, ndipo munthu akachiika pa makina osayang'ana amathyola kachitsulo kochotsera kaja. Kuunika ndi tochi m'kati mwa chigoba kumathetsa nkhaniyi nthawi yomweyo. Zigoba zambiri zakale za asilikali za .303 British ndi za 7.62 zopangidwa kunja kwa America ndi za Berdan, ndipo ngakhale alipo akatswiri amene amazidzazanso, zida zake ndi ma primer ake n'zosowa moti msika wake ndi waung'ono kwambiri.

Kudzazanso wekha

Njira imene imatulutsa phindu lonse la chigoba ndi yoti mwini wake achidzazenso, pakuti chigoba chimene pa sikelo chikanapita ndi masenti ochepa chimalowa m'malo mwa chatsopano chimene akanagula, ndipo chimachita zimenezi kangapo konse. Koma phinduli silifanana pa mitundu yonse, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mphamvu imene chigoba chimapirira komanso kaumbidwe kake. Malire amene bungwe la opanga mfuti ndi zipolopolo la SAAMI linaika ku America amaonetsa kusiyanaku poyera: pa muyezo wa mphamvu yokankha wotchedwa psi, .38 Special imafika pa 17,000, .45 ACP pa 21,000, 9mm pa 35,000, .223 Remington pa 55,000, pamene .308 Winchester imafika pa 62,000. Chigoba choongoka ngati kapu cha .38 Special kapena .45 ACP chimatha kudzazidwa kambirimbiri, moti odzaza ambiri amachitaya muudzu chisanathe n'komwe, ndipo chikatha chimangong'ambika pakamwa popanda ngozi yaikulu. Chigoba chokhala ndi phewa ndi khosi ngati botolo chimakalamba msanga, ndipo ukalamba wake ndi woopsa kwambiri.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mfuti ikalira chigoba chimafufuma mpaka kukhudza makoma a chipinda cha m'kati mwa mfuti mmene chimakhala, kenako wodzaza amachifinya pa makina kuti chibwerere pa saizi yake yakale. Mkuwa ukapindidwa mobwerezabwereza umauma, monga waya amene mwana amamupinda uku ndi uku mpaka kuduka, ndipo khosi ndilo limayamba kuonetsa ming'alu. Vuto la khosili lili ndi mankhwala ake, omwe ndi kutenthetsa khosi ndi phewa lokha pamoto woyezedwa bwino kuti mkuwa ufewenso, koma tsinde la chigoba siliyenera kutenthedwa ngakhale pang'ono chifukwa likafewa silingapirirenso mphamvu ya wonga. Vuto lachiwiri lilibe mankhwala. Nthawi iliyonse imene chigoba chawombedwa ndi kufinyidwa chimatalika pang'ono, ndipo mkuwa umene wodzaza amadula pakamwa umakhala utachoka pakhoma lapafupi ndi tsinde, limene limanka lipyapyala mpaka tsiku lina tsinde limaduka m'kati mwa mfuti ndipo mpweya wotentha umabwerera kumaso kwa wowombera. Chizindikiro chake ndi kamzere kowala kozungulira chigoba pamwamba pang'ono pa tsinde, ndipo odzaza odziwa ntchito amalowetsa kawaya kopindika kunsonga n'kumakanda khoma lam'kati kuti amve ngati pali kangalande. Vuto lachitatu ndi lakuti dzenje la primer limakula, ndipo primer yatsopano ikalowa popanda kulimba konse ndiye kuti chigobacho chatha.

Apa ndi pamene ndimaona kuti anthu ambiri amalakwitsa powerengera. Mtengo weniweni wa chigoba si ndalama imene munthu walipira pogula, koma ndalamayo ikagawidwa ndi maulendo amene chatsala nawo. Tiyerekeze kuti chigoba chatsopano chagulidwa dola imodzi ndipo chawombedwa maulendo 10: ulendo uliwonse wadya masenti 10. China chotola, chogulidwa masenti 30, chikang'ambika pa ulendo wachiwiri ndiye kuti ulendo uliwonse wadya masenti 15, osawerengera primer ndi wonga zimene zinawonongeka poyeserera. N'chifukwa chake owombera patali pa mipikisano amalolera kugula zatsopano za Lapua za ku Finland kapena za Norma za ku Sweden, n'kuzisunga m'magulu, gulu lililonse ndi kapepala kake kolembapo maulendo amene lawombedwa. Munthu wotere chigoba chotola pansi sachifuna ngakhale chitakhala chaulere.

Tisaiwalenso kuti njirayi imafuna mpamba. Pamafunika makina ofinyira monga a RCBS, Lee kapena Dillon, zoumbira za saizi iliyonse, sikelo yolondola ya wonga, choyezera utali, chodulira, ndi buku la miyezo lochokera kwa opanga wonga kapena mitu, limene siliyenera kuphonyedwa ngakhale pang'ono. Pa 9mm, imene zipolopolo zake za m'sitolo ndi zotsika mtengo, ndalama yopulumutsidwa pa chipolopolo chimodzi ndi yochepa ndipo mpambawo umabwerera pokhapokha munthu akamawombera zikwizikwi pachaka. Pa mfuti zazikulu zosakira nyama mpamba umabwerera msanga. M'zaka za 2020 ndi 2021 odzaza a ku America anaphunziranso kuti ndowa zodzaza zigoba sizithandiza kanthu ma primer akasowa m'masitolo.

Kugulitsa kwa odzaza anzako

Kwa munthu amene amawombera koma sadzaza, kapena amene watola mitundu imene alibe mfuti yake, njira yopindulitsa ndi kugulitsa kwa odzaza, ndipo pamsika umenewu zigoba zimagulidwa powerenga osati popima. Mawu amene amalamulira msikawu ndi akuti chigoba chawombedwa kamodzi kokha. Vuto ndi lakuti mawuwa ndi osavuta kunena koma ovuta kutsimikiza, chifukwa pansi pa bwalo lowomberera pamagwa zigoba za munthu amene wangotsegula bokosi latsopano pamodzi ndi za wodzaza amene wazisiya dala podziwa kuti zatopa. Ine ndimaona kuti wogulitsa woona mtima ayenera kunena poyera kuti zigoba zake ndi zotola pabwalo, alandire mtengo wotsikirapo, kusiyana ndi kulonjeza chimene sanaone ndi maso ake, pakuti amene adzavulale ndi wogulayo. Amene akugulitsa zigoba za zipolopolo zimene anagula yekha n'kuwombera yekha, makamaka ngati anasunga mabokosi ake, ali ndi katundu wa mtengo wapamwamba kuposa wina aliyense pamsikawu.

Zigoba za asilikali zili ndi umboni wake wokha. Za ku fakitale ya Lake City ku Independence, m'chigawo cha Missouri, zimakhala ndi zilembo LC ndi chaka chimene zinapangidwa, ndipo zambiri zimakhalanso ndi kamtanda kozunguliridwa ka NATO. Primer yake imakhala yopanikizidwa m'mphepete kuti isagwe pankhondo, ndipo ngati kupanikizako kukadali pomwepo ndi primer yake yoyamba, ndiye kuti chigobacho sichinadzazidweponso. Umboni womwewo ndi ntchito yowonjezera, chifukwa primer yatsopano singalowe mpaka mphepetezo zitaphwanyidwa kapena kupalidwa. Za 7.62 za asilikali nthawi zambiri zimakhala ndi khoma lochindikala kuposa za .308 za m'sitolo, choncho malo a wonga ndi ochepa ndipo muyezo uyenera kutsitsidwa, pamene zimene zinawombedwa pa mfuti zachiwaya zimakhala zotanuka kwambiri chifukwa zipinda za mfuti zotero ndi zotakasuka.

Kukula kwa kusiyana pakati pa chigoba chathunthu ndi chitsulo chake kunaonekera mu March 2009, pamene nthambi ya zachitetezo ya boma la America inalamula kuti zigoba za asilikali ziziphwanyidwa kaye zisanagulitsidwe. Makampani odzazanso zipolopolo, monga Georgia Arms, anadandaula kuti ntchito yawo iima, ndipo aphungu awiri a nyumba ya Senate ochokera ku Montana, Max Baucus ndi Jon Tester, atalemba kalata, lamulolo linasinthidwa patangopita masiku ochepa. Mfundo imodzi imene inamveka kwambiri nthawiyo inali yakuti boma lenilenilo likanaluza ndalama pogulitsa ngati zitsulo zakutha katundu amene anthu anali okonzeka kugula pamtengo wokwera.

Kusowa kwa mtundu wa chigoba ndiko kumakweza mtengo kuposa china chilichonse. Za 9mm zilipo zambirimbiri moti mtengo wake kwa odzaza sutalikirana kwenikweni ndi wa pa sikelo, ndipo ndalama yotumizira pa positi katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 4 pa zigoba 1,000 imatha kudya phindu lonse. Za .223 ndi .308 zimaposa pamenepo, komanso zimafunidwa chifukwa zimaumbidwa kukhala mitundu ina, monga .300 Blackout imene imadulidwa kuchokera ku .223. Koma za mfuti zosakira nyama zikuluzikulu, monga .416 Rigby ya 1911, .375 H&H Magnum ya 1912, .404 Jeffery, kapena .470 Nitro Express, zimagulitsidwa m'timagulu ta 20 kapena 50, ndipo kathumba kamodzi kangapose ndowa yathunthu ya 9mm. Kutaya zigoba zoterezi pa sikelo n'chimodzimodzi kugulitsa mbewu yosankhidwa pamtengo wa madeya.

Nanga kukonza zigoba usanagulitse kumalipira? Pali masitepe atatu: kusankhula, kutsuka, ndi kukonzeratu mpaka kuchotsa primer, kufinya ndi kudula. Kusankhula kumalipira nthawi zonse, chifukwa ndiko kumavutitsa wogula. Chigoba cha .380 chimafanana kwambiri ndi cha 9mm, cha 9mm chimalowa n'kukanirira m'kati mwa cha .40 S&W, chimenenso chimalowa m'cha .45 ACP, ndipo za .45 ACP zilipo za primer yaikulu ndi za yaing'ono, zimene zikasakanikirana zimaimitsa makina. Pa .40 S&W pamafunikanso kuchotsa zotupa mimba pafupi ndi tsinde, zimene zimachokera ku mfuti zina zimene chipinda chake sichigwira chigoba chonse. Kutsuka kumathandiza kuti katundu agulidwe msanga, koma kumawonjezera ndalama yochepa, ndipo fumbi lake lili ndi mtovu wochokera ku primer, choncho ntchitoyi si yogwirira kukhitchini kapena pafupi ndi ana. Mankhwala opukutira mkuwa okhala ndi ammonia sayenera kugwiritsidwa ntchito pa zigoba: asilikali a Britain ku India anaona zigoba zawo zikung'ambika m'nyengo ya mvula zitasungidwa m'makola a akavalo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti chochititsa chinali ammonia wa mumkodzo wa akavalowo. Kukonzeratu zonse, kumbali yake, kumalipira makampani okhala ndi makina oyendera magetsi, koma munthu wa makina a pamanja akawerengera maola ake amapeza kuti wagwira ganyu yotsika mtengo kwambiri, ndiponso odzaza ambiri osamala amakonda kufinya okha molingana ndi mfuti zawo.

Pali njira zina ziwiri zosafuna mawu ambiri. Makampani ena odzazanso zipolopolo amalandira zigoba n'kuchotsera mtengo pa zipolopolo zimene munthu akugula, zomwe ndi zabwino kwa wowombera kwambiri amene safuna kudzaza yekha, malinga ngati ndalama yotumizira siiposa chimene akuchotseredwacho. Njira inayo ndi kungozisiya pabwalo. Mabwalo ambiri amapeza ndalama yoyendetsera ntchito pogulitsa zigoba zosiyidwa, ena amalamula kuti chilichonse chogwera kutsogolo kwa mzere wowomberera ndi chawo, ndipo ulemu umafuna kuti munthu afunse kaye asanatole za mnzake amene waima pambali pake.

Poyerekeza zonsezi, maganizo anga ndi akuti ndowa imodzi siyenera kupita njira imodzi. Ola limodzi la maginito, tochi ndi kuwerenga zidindo za pansi limagawa ndowayo m'milu imene uliwonse uli ndi msika wake: zimene mwini wake amawombera ndipo akudziwa mbiri yake zimatsala pakhomo, zosowa ndi za mfuti zazitali zimawerengedwa n'kugulitsidwa kwa odzaza, za 9mm zochuluka zimagulitsidwa kwa munthu wapafupi wosafuna positi, ndipo zong'ambika, zotupa, za Berdan ndi za .22 zimadikira kuti zichuluke n'kupita ku sikelo. Chigoba chokayikitsa chiyenera kuphwanyidwa pakamwa ndi pulaya chisanaponyedwe m'mulu womalizawu, kuti wina asadzachitolenso n'kuchidzaza.

Zonsezi zimayenda pokhapokha lamulo la kumene munthu ali likulola, ndipo malamulo amasiyana kwambiri. Ku United States munthu angadzaze zipolopolo zake popanda chiphaso cha boma lalikulu, koma kuchita malonda a zipolopolo zodzazanso kumafuna chiphaso cha opanga, ndipo lamulo la dzikolo limawerengera chigoba ngati gawo la zipolopolo, komanso ku Washington, D.C. ndi ku Massachusetts, potsatira malamulo a kumeneko, kusunga ngakhale chigoba chopanda kanthu popanda chilolezo kungagwetse munthu m'mlandu. Ku South Africa, kumene zigoba za kampani ya PMP ya ku Pretoria ndi zofala, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini chiphaso kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokha, ndipo limaika malire a ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse kwa amene alibe chilolezo chapadera. Ku Britain, potsatira lamulo la 2006, ma primer amagulitsidwa kwa okhawo oonetsa chiphaso cha mfuti. Abale athu okhala m'maiko amenewa asayese kuika zigoba m'chikwama pobwera kumudzi kapena kuzitumiza pa positi ngati chikumbutso, chifukwa katunduyu amayang'aniridwa podutsa malire a maiko, ndipo ku Malawi kuno nkhani zonse za mfuti ndi zipolopolo zimayendera chilolezo cha apolisi.